Kabedi Kosowa Thabwa Limodzi

1

Ine si mkazi wansanje. Nsanje imafuna nthawi, ndipo nthawi ndi chinthu chimene ndilibe. Sukulu ndinaisiyira panjira nditatenga mimba, ndiye zomwe ndimadziwa ndi za manja: kuluka tsitsi, kuchapa, ndi kukangana mtengo pamsika mpaka wogulitsa atandipatsa kuti ndingomuchokera. Komabe ndine yemweyo amene ndinakaima pamaso pa alendo ovala masuti, mwana ali kumsana, n'kuloza chala dokotala wamkulu kuti akundibera mwamuna. Mpaka lero ndikakumbukira, nkhope imanditentha.

Amuna anga ndi kalipentala. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba yathu ya lendi, ndipo utuchi umatipeza paliponse: m'nsapato, m'shuga, m'tsitsi la mwana. Mwanayo ndi mtsikana, mmodzi yekhayo. Timamutcha Kanyerere chifukwa chiyambireni kukwawa sanakhalepo malo amodzi.

Koma atangokwanitsa chaka, Kanyerere anayamba kukhala pansi. Zala zake zinkatupa ngati tinthochi, mapazi chimodzimodzi, ndipo ukamugwira ankakuwa ngati wamuwotcha. Ku kiliniki ya pafupi ankamuyeza malungo, osawapeza, n'kutipatsa mankhwala opha ululu. Ankapezako bwino, kenako n'kuyambiranso. Maso anayamba chikasu. Ine ndinkangozungulira m'nyumba naye paphewa, kuchoka kukhomo kupita kuzenera, kuchoka kuzenera kubwerera kukhomo.

Bambo ake? Mwana akangoyamba kulira, iwo ankatuluka. Posakhalitsa unkamva sowo ikulira ku shedi, ngati akufuna kuti phokoso lawo lipose la mwana.

Tsiku lina ndinawatsatira komweko kuti ndikawauze mawu anga. Ndinawapeza akupala kabedi ka mwana. Kanali kokongola, ka matabwa amene amasungira makasitomala olemera, ngodya zonse zosalala bwino. Mtima unatsika. Ndinati kani bamboyu amaganiza, Kanyerere asiya kutiponda nthiti pogona.

Koma mbali imodzi ya mpanda wa kabediko panali mpata.

"Bambo a Kanyerere, apa mwaiwala thabwa."

"Sindinaiwale."

"Nanga mpata uwu? Ndi khomo la mphaka?"

"Ndi mmene kayenera kukhalira."

"Mwana adzatulukira pamenepa."

"Mutu sungakwane. Ndinayeza," anatero osadzutsa nkhope.

Posachedwa kabediko kanasowa. Nditafunsa, anati kapita kwa kasitomala. Nditafunsa za malipiro, anayamba kufunafuna pensulo yomwe inali pakhutu pawo. Anakhoma kena, nako kanasowa. Kenako kena. Tonse tosowa thabwa limodzi, tonse totuluka pageti ine ndili ku saluni. Eni makabati ankabwera kudzatukwana kuti ntchito zawo zachedwa, iwo ali kalikiliki ndi timabedi ta mwana amene sindimudziwa, wanga akubuula pakati pathu.

2

Ku saluni ndimagwira ntchito ndi mnzanga amene timamutcha Wailesi, chifukwa sazima ndipo safuna mabatire.

"Asisi, ndinene kapena ndisiye?" anayamba choncho, manja ali m'mutu mwa kasitomala.

"Ukasiya udwala. Nena."

"Dzulo ndinaperekeza azakhali ku chipatala chachikulu chija, cha ku yunivesite. Kuseri kwake kuli nyumba ina yoyera. Ndikuti ndiyang'ane, ndikuona alamu anga akutsitsa kabedi m'galimoto."

"Ndiye? Chipatala sichigula mabedi?"

"Chimagula, ee. Koma chipatala chimagwira kalipentala dzanja osalisiya?"

Chipeso chinandipulumuka.

"Mzimayi wa magalasi, gauni loyera, wamkulu ndithu koma wodzisamala. Anawagwira chonchi, ndi manja awiri. Alamu akupukuta maso. Asisi, mwamuna akamalira pamaso pa mkazi, nkhani yake si ya matabwa."

Mayi amene ndinkawaluka, ogulitsa nsalu pamsika, anatembenuka mutu uli theka. "Mwana wanga, ophunzira amenewa nthawi yofuna amuna awo alibe, amangotola a eni. Mwina kabediko n'ka mwana wawo."

"Timabedi tonse tija?" ndinatero.

"Mwina amabereka mapasa okhaokha," anayankha Wailesi.

Saluni yonse inafa ndi phwete. Ine ndinakoka ulusi mpaka mayi a nsalu anakuwa kuti, "Mayo! Ine ndi amene ndakubera?"

Madzulo tikudya ndinawafunsa mosazungulira.

"Kodi muli ndi mwana kwina?"

Anasiya kutafuna. Anayang'ana Kanyerere, amene anali pamphasa akuyesa kunyamula chivindikiro cha poto ndi tizala take totupa. Ndinadikira kuti aseke kapena akalipe. Mwamuna wosalakwa amakalipa.

"Ndilibe," anatero motsitsa mawu, patapita nthawi.

Nthawi imene inapita asanayankheyo ndi imene inandilasa. Nditachotsa mbale ndinakoka chikwama pansi pa bedi n'kuikamo zovala zanga ndi za mwana. Ndinadziuza kuti ndikangoona ndi maso anga, ulendo wa kwa amayi, osacheuka. Sindingasunge mwana wodwala ndi mwamuna wa anthu awiri nthawi imodzi. Chimodzi chiyenera kutsika.

3

M'mawa wina Kanyerere anadzuka thupi likuwotcha, dzanja lamanzere litatupa mpaka khungu kunyezimira. M'mawa womwewo amuna anga anavala shati yoyera imene amaisungira maukwati, ndipo panja panali galimoto yahayala itanyamula kabedi katsopano.

"Mukupita kuti mwana ali chonchi?"

"Ndibwera msanga. Mupite naye ku kiliniki."

"Kuti akatipatse zomwe zija?"

Anaima pakhomo atagwira chitseko. Kenako anatuluka n'kupita.

Sindinasambe n'komwe. Ndinabereka mwana, chikwama paphewa, n'kuimitsa wa njinga yamoto pamsewu.

"Tsatira galimoto ilo."

"Mayi, ine si wapolisi."

"Lero ndiwe. Yenda."

Tinadutsa msika, tinadutsa malo okwerera mabasi, tinalowa pageti la chipatala chachikulu n'kuzungulira kuseri. Nyumba yoyera inalipodi. Chikwangwani chake chinkati ndi malo a kafukufuku wa matenda a ana, a sukulu ya udokotala. Pabwalo anali atakhoma tenti, mipando yokutidwa ndi nsalu, maluwa m'mabotolo, ndi magalimoto onyezimira oti nkhope yako kuiona pachitseko.

Mlonda anandiyang'ana kuyambira ku mapatapata anga mpaka kumutu. "Amayi, lero ndi mwambo wa anthu opereka mphatso."

"Ndikudziwa. Nanenso ndabwera kudzapereka yanga."

Ndinaima kumbuyo kwa tenti. Kutsogolo kunali mzimayi wa magalasi, ndendende mmene anamufotokozera Wailesi, akulankhula pa chimkuzamawu.

"Boma limatipatsa zochizira zimene tikuzidziwa kale," ankatero. "Koma mafunso amene sanayankhidwe, monga mlingo wa mankhwala woyenera mwana wamng'ono, timawafufuza ndi mphatso zanu. Firiji yosunga magazi, makina oyezera, ophunzira amene amaswera pa maikulosikopu, zonsezo ndi inu. Ngati ntchitoyi ipitirire chaka chamawa, yankho lili m'tenti muno."

Mawu amenewa ndikuwakumbukira lero. Tsiku limenelo ankangondidutsa ngati mphepo. Ine ndinkasaka shati yoyera.

"Tilinso ndi mnzathu amene alibe kampani," anapitiriza. "Kwa zaka zambiri, akagwira ntchito amabwera ndi kangachepe, ndipo mabedi onse a m'chipinda chathu cha ana ndi manja ake. Amisiri, bwerani kuno anthu akuoneni."

Amuna anga anaimirira, mutu uli pansi. Anthu anaomba m'manja. Ndipo mzimayiyo anawagwira dzanja. Ndi manja awiri.

4

"Asiyeni dzanja!"

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji kutsogoloko. Ndimangokumbukira mpando wina ukugwa ndi botolo la maluwa likugubuduka.

"Amayi inu, ndi magalasi anuwo simukuona kuti ameneyo ndi mwamuna wa mwini? Mabedi mwalandira, thukuta lake mwalandira, tsopano mukufuna ndi iye yemwe? Kunyumba mwana akudwala, alibe ndi kabedi komwe, bambo ake ali kuno kuomberedwa m'manja!"

"Mayi a Kanyerere, chonde..."

"Iwe khala chete!"

Chikwatirane ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe. Bambo wina wa suti anayang'ana wotchi n'kuimirira, anzake awiri n'kumutsatira. Ena anatulutsa mafoni. Kutsogolo kwenikweni kunali agogo ena a ndodo, amene sanasunthe n'komwe, ankangondiyang'ana ngati akuonera mpira.

Ndinkadikira kuti dokotalayo ayankhe kuti ndimumalize. Koma sankayang'ana ine. Maso ake anali pa kadzanja kamene kankalendewera pambali panga. Anasiya chimkuzamawu patebulo n'kubwera.

"Mayi, zala za mwanayu zinayamba liti kutupa?"

"Si nkhani yanu."

"Maso ake amakhala achikasu chonchi nthawi zonse?" Anamutsegula chikope ndi chala, anamugwira pamimba. Kenako anatembenukira kwa amuna anga, mawu atasintha. "Amisiri, uyu ndi mwana wanu?"

"Ee, adokotala."

"Muli ndi mwana wina, ndipo nthawi yonseyi simunandiuze?"

"Wina?" ndinatero ine. "Wina bwanji?"

Dokotala anali atamasula kale nsalu kumsana kwanga. Ananyamula Kanyerere, n'kuuza alendo ake mwachidule kuti, "Mundikhululukire," basi n'kuyamba kuthamanga. Gauni loyera likuuluka, nesi pambuyo pake, ine pambuyo pa nesi, patapata limodzi litatsala pa tenti.

5

Anatisiya pakhonde, pa benchi. Ngakhale benchiyo ndinaizindikira ngodya zake. Sindinathe kukhala. Ndinkaimirira, kukhala, kuimiriranso.

"Yambani," ndinatero.

Amuna anga anayang'ana zikhatho zawo. "Ndisanakudziweni ndinali ndi mwana wamwamuna. Mayi ake tinasiyana maliro atangotha, anapita kutali. Mwanayo anamwalirira muno."

Apo ndiye ndinakhala.

"Ankatupa zala chimodzimodzi. Nthawi imeneyo malo ano anali chipinda chimodzi, mabedi achitsulo, mipanda yake yadzimbiri yosatsika. Atamuika diripi anati tisamunyamule. Ankalira kuti, 'Ababa, dzanja.' Zitsulo zinali zothinana. Ndinkangolowetsa zala ziwiri." Anandionetsa zalazo ngati ndi zachilendo. "Anapita atagwira zala ziwiri."

Pakhonde panadutsa wophunzira atanyamula kabokosi ka timabotolo. Tinadikira kuti adutse.

"Adokotala aja anandiuza kuti ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo. Anati, 'Bambo, tikuphunzirabe. Ana akutithawa tisanapeze mayankho.' Ndinafunsa kuti ine ndingachitepo chiyani. Makina sindikanagula. Ndinali ndi sowo basi."

Ndikanakhala mkazi wa m'mafilimu, apa ndikanalira n'kuwakumbatira. Koma mutu wanga umawerengera zinthu mwachangu, ndipo unali utafika kale pena.

"Ndiye munadziwa. Tsiku loyamba limene zala za Kanyerere zinatupa, inu munadziwa."

"Ndinkaopa."

"Kuopa chiyani?"

"Kuti ndikabwera naye kuno akatchula dzina la matendawo, ndiye kuti zatheka. Ndinkati mwina ndi zina. Ndinkati ndikawonjezera kupereka, Mulungu aona, amulambalala ameneyu."

"Mabedi munkabweretsa, mwana n'kumusiya kunyumba."

Ndinaimirira n'kuwaloza chala.

"Njira mukuidziwa, dokotala mukumudziwa, dzina la matenda mukulidziwa. Ine ndikuzungulira ndi mwana ngati wamisala, inu mukupala matabwa! Akanakhala mkazi wina ndikanakukhululukirani msanga kuposa izi. Mwandibisira maliro, mwandibisira matenda, ndipo magazi anu oipawo mwamupatsira mwana wanga!"

6

"Mayi, khalani pansi."

Anali dokotala, ataima pakhomo. Anali atamva.

"Tamuyeza. Ndi sikoselo. Tamuika diripi ndi mankhwala a ululu, ndipo mwafika naye nthawi yabwino." Anakhala pambali panga, pa benchi yomweyo, ngati sindine amene ndinamunyoza pagulu. "M'magazi muli tizinthu tozungulira timene timayenda m'mitsempha. Mwa mwana wanu tina timapindika ngati chikwakwa, n'kukodwa m'mitsempha ing'onoing'ono. Ululu ndi kutupa zimachokera pamenepo. Koma mumve bwino apa. Matendawa mwana sawatenga kwa kholo limodzi. Pamafunika mbewu ziwiri, ya bambo ndi ya mayi."

"Ine sindidwala."

"Amuna anunso sadwala. Wonyamula mbewu imodzi amakhala bwinobwino, mwina osadziwa moyo wake wonse. Kwanu kunamwalirako ana aang'ono?"

Ndinafuna kunena kuti ayi. Koma ndinakumbukira achimwene anga awiri amene sindinawaone, amene amayi amangoti anafooka. Ndinatambasula dzanja kuti andibaye chala. Yankho litabwera kuti nanenso ndili nayo mbewuyo, ndinatuluka panja n'kuimba foni.

"Amayi, achimwene anga aja ankatupa zala?"



"Wakuuza ndani?"

"Ankatupa?"

"Onse awiri," anatero amayi. "Tinazungulira nawo paliponse, mwana wanga. Tinadana ndi abale, tinkati alipo akutichita chipongwe. Palibe anatiuza kuti ndi matenda oti ali ndi dzina."

Chala chimene ndinaloza nacho amuna anga chinali chikadali ndi kathonje.

Nditabwerera, dokotala anandifotokozera kuti nthawi ya mwana woyamba uja analibe zambiri zoti achite. Tsopano, patapita zaka akuyeza, kulemba ndi kuyerekeza, anali ndi mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, mlingo wake wotengera thupi la mwana. "Sindikulonjezani kuti achira kotheratu. Koma ana amene tinayamba nawo, ambiri ali ku sukulu." Kenako anapempha ngati ndingalole kuti Kanyerere alowe m'kafukufuku wawo.

"Magazi muzimutenga ochuluka bwanji?"

"Osadzaza supuni yaing'ono."

"Muzipita nawo kuti?"

"Chipinda icho. Mukafuna ndikuonetsani firiji yake."

"Ndikakana mumuthamangitsa?"

"Ayi. Mankhwala alandira chimodzimodzi."

"Ndiye ndionetseni kaye firijiyo."

Anaseka koyamba, n'kupita nane. Ndinaiona, ndinaona ndi atsikana awiri a msinkhu wanga atawerama pa makina, ndipo ndinavomera. Tikutuluka ndinamuimitsa.

"Adokotala, zija ndinanena pa tenti..."

"Zapita."

"Nanga alendo anu?"

"Ena apita nawonso," anatero. Anamwetulira, koma maso anali otopa.

Nesi ndi amene anandiuza mosabisa. "Amayi, anthu mwawabalalitsa aja ndi amene amagula mankhwala a kafukufukuyu. Akapanda kubwerera, chaka chamawa sitikudziwa."

Ndinali nditakankha ndi phazi langa mbale imene mwana wanga adzadyeremo.

7

Chipinda cha ana chinali chowala, dzuwa la masana likulowa m'mazenera. Timabedi tinandandalikana mbali zonse ziwiri, ndipo ndinatizindikira tonse. Kalikonse kanali kosowa thabwa limodzi. Pambali pa kabedi kalikonse panali mayi, kapena bambo, kapena agogo, atakhala pa kampando kafupi, mkono utalowa pampata paja.

Kanyerere anali kumapeto, diripi ili kudzanja, akulira mosasa mawu. Nesi anati ndisamunyamule. Ndinakhala pa kampando, ndipo mkono wanga unalowa wokha mpaka m'chigongono, ngati anachita kundiyeza. Ndinamusisita pachifuwa. Anagwira chala changa chachikulu ndi dzanja lake labwinolo, kulira n'kuyamba kutsika.

Khomo la mphaka lija.

Ndili chomwecho ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Anali agogo aja a kutsogolo kwa tenti. Nesi anandinong'oneza kuti ndi eni malole ambiri onyamula katundu.

"Ndiwe uja wa pakamwa?"

"Ndine, agogo. Pepani."

"Patapata lako ili." Analiponya pafupi ndi phazi langa. "Ine miyambo imeneyi ndabwera kambirimbiri. Amationetsa manambala pakhoma, ine n'kumasinza. Lero ndiye sindinasinze."

"Ndawonongetsa zinthu, agogo."

"Wawononga maluwa. Koma ndaona dokotala akusiya anthu a ndalama pa tenti, n'kuthamanga ndi mwana wa mkazi amene wangomutukwana kumene. Zimenezo pakhoma sangandionetse." Anayang'ana Kanyerere nthawi yaitali. "Ndalama zanga zikhala kuno. Athawa aja ndiwaimbira, ena amandiopa. Koma iwe, tsiku lina ukafuna kukalipa, uziyamba wafunsa."

Atatuluka ndinaona amuna anga ataima pakhomo la chipindacho. Shati yoyera inali itamatirira kumsana ndi thukuta. Sankalowa, sankachoka. Maso awo anali pa chikwama chimene chinali pamapazi panga. Ankachidziwa, ndipo ankadziwa chifukwa chake chinali chodzaza.

Ndinawayang'ana. Mkwiyo unalipo, wosaphwa n'komwe. Koma ndinayang'ananso mzere wa mikono ija, ya anthu osawadziwa, aliyense atagwira mwana wake ndi dzanja lonse.

"Bambo a Kanyerere."

"Mayi."

"Mwaima pamenepo ngati mlonda bwanji? Bwerani. Mkono wanga wachita dzanzi."

Anabwera pang'onopang'ono, anagwada, n'kulowetsa mkono wawo pamene panali wanga. Kanyerere anatsegula maso, n'kugwira. Mapewa a bambo ake anayamba kugwedezeka. Ine ndinatsegula chikwama n'kutulutsa thewera ndi kabulangete. Chikwama chimene ndinalongedza kuti ndithawire banja ndi chimene chinatisunga m'chipatala mpaka tsiku lotuluka.

8

Owerenga anzanga, musayese kuti zonse zinatha bwino ngati nthano. Kampani ya bambo wa wotchi uja sinabwerenso, ndipo mlandu umenewo ndimausenza ine. Amuna anga ndinawakhululukira pang'onopang'ono, ngati mmene munthu amamasulira tsitsi lolukidwa kalekale, ndipo mfundo zina zikadalipo. Kanyerere amadwalabe nthawi zina. Koma wayambiranso kusakhazikika, dzulo lomweli ndamupeza atakwera pa tebulo la ku shedi akudya utuchi, ndipo ndinamukalipira mosangalala.

Mankhwala amene amamwa m'mawa uliwonse sanagwe kumwamba. Alipo anthu amene anapereka kalekale, osamudziwa, iye asanabadwe, kuti wina akhale pa makina aja n'kufunsa mafunso. Achimwene anga anafa opanda dzina la matenda awo. Mwana woyamba wa amuna anga anafa dzina lilipo, thandizo lili lochepa. Wanga wapeza dzina ndi thandizo lomwe. Ine sukulu ndinalekeza, koma kusiyana kumeneko ndikutha kukuona, ndipo ndikudziwa kuti sikunabwere kwaulere.

Ndiye ku saluni, ndalama za mutu woyamba umene ndimaluka Loweruka si zanga, ndi za nyumba yoyera ija. Pafupi ndi galasi pali chitini, ndipo Wailesi wapeza nkhani yoti aziulutsa. Kasitomala akangokhala pampando amamva zonse, kuphatikizapo za patapata langa, ndipo sadzuka asanaponyemo kanthu. Mayi a nsalu amaponya akudandaula kuti ndinawazula tsitsi.

Inunso ngati muli ndi kangachepe, kapena luso la manja, malo otere alipo kufupi ndi inu, ndipo sadikira olemera okha. Koma mumve kwa ine: mphatso si chiphuphu chopatsa Mulungu. Perekani, ee, koma wodwala wanu mupite naye. Kayezetseni magazi. Ndipo zimene mukuziopa muuzeni amene mumagona naye nyumba imodzi, asanakazimvere pa tenti.

Mwezi wathawu amuna anga anakhoma kabedi ka kunyumba, ka Kanyerere weniweni. Atakalowetsa kuchipinda anaima pambali akudikira kuti ndinene kanthu. Ndinakazungulira, ndinagwira ngodya zake, ndinagwedeza miyendo kuti ndione ngati ili yolimba. Mbali ya ku bedi lathu kunali kosowa thabwa limodzi.

Sindinafunse. Ndinangokakankhira pafupi, kuti mkono uzifika.